Impela ya mapiko owongoka, ya dramu kapena yopindikira kumbuyo: iti ikuyenera ntchito yanu?

Sabata yathayi kunabwera bambo wina ku shedi kwathu ku Ndirande atamangirira impela, wilo ija ya mapiko imazungulira mkati mwa fani, pa kabaza, akuti chigayo chawo cha ku Bangwe chasiya kukoka ufa, ufa ukungotsalira m'munsi mwa sefa ndipo fani ikunjenjemera mpaka mabauti kumasuka. Nditangoiona impelayo ndinadziwiratu. Anawaikira ya dramu, ija ya timapiko tambirimbiri, ndiye pakati pa timapikoto ponse panali patamatirira ufa ndi gaga, zouma gwaa ngati simenti. Amene anawagulitsa anawauza kuti imeneyi ndiye yamphamvu chifukwa ukaika dzanja kukamwa kwake mphepo imamveka yambiri. Pa za mphepoyo sananame ayi, koma anawagulitsa chinthu cha ntchito ina. Zinandipweteka mtima chifukwa bambowa ndalama anachita kukongola ku banki mkhonde, chigayo chaima masiku anayi, makasitomala athawira kwina. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndikudziwa pa mitundu itatu ya ma impela omwe timakumana nawo, kuti anzanga a zigayo, osula ndi akalipentala muzisankha mukudziwa.

Onse atatuwa amagwira ntchito mofanana pa chiyambi pake. Mpweya umalowera pakati, mapiko amauzunguza nkuuponyera m'mbali, kenako chikesi chija chokhala ngati chigoba cha nkhono chimausonkhanitsa nkuutulutsira ku paipi. Kusiyana kuli pa momwe mapikowo akhalira basi, koma kusiyana kumeneko ndi komwe kumapha ma mota kapena kuwapulumutsa.

Ndiyambe ndi ya mapiko owongoka chifukwa ndi yomwe ndimapanga kwambiri. Mapiko ake amachoka pakati kulunjika kunja ngati masipoko a njinga, nthawi zambiri amakhala 6 kapena 8, a chitsulo chokhuthala. Ukaiona siisangalatsa, imapanga phokoso, ndipo pa magetsi siisunga kwenikweni, mwa mphamvu yomwe mota yapereka, yomwe imasanduka mphepo imangopitirira theka pang'ono. Koma akuluakulu, ngati mu mpweya wanu muli zinthu, ufa, madeya, utuchi, mankhusu a mpunga, palibe inzake. Pakati pa mapiko pamakhala mpata waukulu ndipo phiko lowongoka lilibe pobisala fumbi, chilichonse chomwe chagwerapo chimatsetsereka nkuponyedwa kunja, imadzitsuka yokha ikuzungulira. Nchifukwa chake pa chigayo fani yokankhira ufa ku sayikuloni, chifaneli chija chimalekanitsa ufa ndi mpweya, imakhala ya mtundu umenewu. Chimanga chathu chouma pansi chimabwera ndi kamchenga, ndipo kamchengako kamadya mapiko pang'onopang'ono, koma phiko lowongoka likadyeka mumangodula pleti ina nkuwotcherera kapena kumanga ndi mabauti, tsiku lomwelo chigayo chadzuka. Mmisiri aliyense wa wedingi woti ali ndi gilayinda ndi sikweya atha kuikonza. Imapanganso presha yabwino, imakankha ngakhale paipi ili yayitali kapena ili ndi makona.

Ya dramu ija, ena amaitcha khola la gologolo potengera dzina lake lachingerezi, ili ndi timapiko tating'ono tambiri, 30, 40 mwina kuposa, topindikira kutsogolo, kumbali komwe wilo ikulowera. Ndi yomwe ili mu galimoto, ija imakuuzirani mphepo kumaso mukayatsa eyakoni. Ubwino wake ulipo ndithu. Imatulutsa mphepo yambiri ili yaing'ono komanso ikuzungulira pang'onopang'ono, ndiye imakhala yachete. Pa mvukuto wa osula ndi yabwino zedi, ine ndaona anyamata akuchotsa ya m'galimoto yakufa nkuilumikiza ku batire, makala amayaka mpaka chitsulo cha khasu kufiira psuu, ngakhale magetsi atazima ntchito ikuyenda. Pa mbaula zikuluzikulu, pa kabokosi koswetsera mazira, pa choumitsira masamba chaching'ono, imakwana bwinobwino.

Koma ili ndi makhalidwe awiri oipa omwe ogulitsa satchula. Loyamba ndi lija la bambo a ku Bangwe, timapikoto tili ngati timasupuni, fumbi limakhazikika mkati mwake, ndipo likadzaza mphepo imatha komanso wilo imalemera mbali imodzi. Lachiwiri ndi lobisika ndipo ambiri amalimva mozondoka. Impela imeneyi ikamapeza njira yotseguka, mwachitsanzo mwachotsa paipi kapena mwatsegula chitseko chonse, imakoka mphepo yambiri ndipo ma ampu, kutanthauza magetsi omwe mota ikukoka, amakwera osaima mpaka mota kupsa. Anthu amaganiza kuti fani ikamapuma momasuka ndiye kuti mota ikupumula, pomwe zoona zake nzakuti ndi pamene ikusenza katundu wolemera kwambiri. Mukatseka kukamwa kwake ma ampu amatsika. Yesani ndi mita yanu yoyezera ma ampu muone. Ya mapiko owongoka nayo ma ampu amakwera mphepo ikachuluka koma osati mwaukali ngati ya dramu. Ndiye ngati mwagula ya dramu musaiyese nthawi yaitali ilibe paipi yake, chonde.

Yachitatu ndi ya mapiko opendekera kumbuyo, nsonga zake zimatsalira m'mbuyo wilo ikamapita kutsogolo. Mapiko amakhala ochepa koma akuluakulu, cha m'ma 8 mpaka 12. Imeneyi ndiye mfumu pa kusunga magetsi, yopangidwa bwino imafika cha m'ma 80 pa 100 aliwonse, ndipo ma ampu ake amakwera kufika penapake nkuima, kenako kutsika, ndiye ngati mota munaisankha yokwana pa msinkhu umenewo siingapse chifukwa choti wina watsegula dampala yonse, kachitseko kaja kochepetsera mphepo mu paipi. Kwa munthu woyendetsa fani maola ambiri pa tsiku, kukoka utsi ndi nthunzi mu bekari, kuuzira mpweya mu choumitsira chachikulu, kupereka mpweya ku boyila ngati m'mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba, kusiyanaku kumaoneka pa mayunitsi a ESCOM mwezi ukamatha. Ine ndimaikonda kwambiri impela imeneyi, ndinene poyera. Koma imafuna zinthu ziwiri zomwe pa shedi wamba zimavuta. Imayenera kuthamanga kwambiri kuposa zinzake kuti ipereke mphepo yofanana, ndiye balansi ndi ma beringi ziyenera kukhala zenizeni. Komanso pakamwa polowera mpweya pamafunika kafaneli kolowa bwino mu wilo, mpata ukhale waung'ono mozungulira monse, apo ayi mpweya umangobwerera nkumazungulira momwemo ndipo ubwino wonse uja wapita. Ndaonapo zopangidwa mongoyerekeza, mapiko opindidwa ndi hamala pa njanji, lililonse kupindika kwakekwake, zoterozo bola kungopanga yowongoka. Fumbi lochepa imapirira, makamaka ya mapiko a pleti osapinda ongopendekeka, koma ufa wonyowa kapena utuchi umamatirira kuseri kwa phiko ndipo imayamba kunjenjemera.

Ena amafunsa za fani wamba ija ya mapiko ngati a ndege. Imeneyo ndi yosuntha mpweya pamalo otseguka, pakhoma la khola la nkhuku kapena pa redieta. Mukaipatsa paipi yayitali kapena sayikuloni imagonja, ilibe presha. Tisatayepo nthawi.

Tsopano pali nkhani ina yomwe imakhudza mitundu yonseyi, ndipo ma mota ambiri omwe ndaona atapsa anafera pamenepa osati pa mtundu wa impela. Munthu akaona kuti fani ikukoka mofooka amathamangira kusintha pule kuti ithamange. Lamulo lake ndi ili: mukawonjezera liwiro, mphepo imakwera molingana ndi liwirolo, presha imakwera mochulukitsa kawiri, koma mphamvu yofunika imakwera mochulukitsa katatu. Kunena mwa manambala, mukakweza liwiro ndi 20 pa 100, mphepo ikwera ndi 20 yomweyo, presha ikwera ndi 44, koma mphamvu ikwera ndi 73. Fani yomwe imadya 5.5 kW izifuna 9.5 kW. Mukathamangitsa kawiri, mphamvu ndi ka 8, kutanthauza 2 x 2 x 2. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndiye mota ya mapolo anayi imazungulira cha m'ma 1,450 pa mphindi pomwe ya mapolo awiri ndi cha m'ma 2,900, ndiye amene amachotsa ya 1,450 nkuikapo ya 2,900 ya mahosipawa omwewo poganiza kuti wakweza zinthu, wapempha mota kusenza katundu wa ma mota 8. Werengani kaye kapleti kali pa mota musanagule.

Nayo balansi musaitenge mopepuka. Wilo ya 400 mm ikamazungulira pa 2,900, nsonga za mapiko zimayenda mamita 60 pa sekondi, kupitirira makilomita 200 pa ola. Pa liwiro limenelo kachitsulo ka magalamu 10 kotsalira kunsonga, kadontho ka wedingi chabe, kamakoka shafti ndi mphamvu yoyandikira makilogalamu 19, ndipo kamakoka mbali zonse maulendo 48 pa sekondi iliyonse. Beringi yanji ingapirire zimenezo? Anthu amati ma beringi a masiku ano ndi achinyengo, enadi ndi achinyengo, koma kawirikawiri wolakwa ndi impela. Ine mapiko ndimadula pa chikombole chimodzi, kuwayeza pa sikelo ya kukhitchini limodzilimodzi mpaka afanane, powotcherera ndimagwira phiko ili kenako la mbali inayo moyang'anana kuti pleti isapindike ndi kutentha. Ndikamaliza ndimalowetsa shafti nkuigoneka pa ma angulo awiri oyezedwa ndi levulo, mbali yolemera imatsikira pansi yokha, ndimachonga ndi choko, kupala pang'ono kapena kuwonjezera kuseri kwake, mpaka wilo izikhala chete paliponse pomwe ndaisiya. Pa wilo yopyapyala ngati ya chigayo njira imeneyi imakwana. Pa wilo yotambalala ngati dramu siikwana, imeneyo imafuna makina, nchifukwa china chomwe sindilangiza munthu kupanga ya dramu pamanja.

Pa chikesi pali kalilime, paja pomwe wilo imayandikira kwambiri potulukira mpweya. Mukakayandikiza kwambiri fani imalira ngati sayirini, mukakatalikitsa mpweya umabwerera mkati. Siyani mpata wa pakati pa 5 ndi 10 pa 100 a kukula kwa wiloyo, pa wilo ya 400 mm ndiye kuti 20 mpaka 40 mm. Ndipo phiko lisakhudze chikesi paliponse, chitsulo chikakhulana ndi chitsulo chimathetheka moto, ndipo fumbi la ufa likakhala mu mpweya limayaka mophulika. Ichi sichoseweretsa mu chigayo momwe muli azimayi ndi ana pa mzere.

China chomwe chimasokoneza anthu, fani ya mtundu uwu ikamazungulira chobwerera siiyamwa m'malo mouzira ayi, imauzirabe komweko koma mofooka. Ndiye pa mota ya mafezi atatu, munthu wa magetsi akasinthanitsa mawaya awiri pokonza sitata, mawa lake chigayo chafooka ndipo aliyense akuloza impela. Musanamasule bauti ngakhale limodzi yang'anani kaye komwe ikulowera, iyenera kuzungulira molondola komwe chigoba chikukulira mpaka ku paipi. Ya mapiko owongoka pomanga mutha kuitembenuza mbali iliyonse malinga pleti yakumbuyo ikulola, koma ya dramu ndi yopindikira kumbuyo zili ndi dzanja lake, pogula nenani ngati mukufuna ya kumanja kapena ya kumanzere.

Kwa ogula za kunja, kaya ku Johannesburg kaya ku China, dziwani kuti manambala a pa pepala amawerengera mpweya wa m'mphepete mwa nyanja ya mchere pa madigiri 20. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, mpweya wathu ndi wopepukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo 10, ndiye presha yomwe mupeze kuno itsikanso chimodzimodzi, ndipo mu Okutobala kukatentha imatsikirapo. Muzisiya mpata posankha, makamaka ngati fani ikukankha katundu kukwera naye mmwamba.

Ndiye mukandifunsa kuti iti, ine ndimayamba ndafunsa kuti mu mpweya wanumo muli chani. Ngati muli ufa, gaga, utuchi kapena mankhusu, tengani yowongoka ndipo musamvere za phokoso. Ngati ndi mpweya woyera, paipi yaifupi, ntchito yaing'ono ngati mvukuto, ya dramu ya m'galimoto ikukwanirani pa mtengo wochepa. Ngati ndi mpweya woyera kapena wa fumbi lochepa koma fani ikhala ikuyaka usana ndi usiku, lipirani yopindikira kumbuyo yopangidwa ku fakitale, osati yongoyerekeza.

Bambo a ku Bangwe aja tinawapangira ya mapiko 6 a pleti ya 5 mm, kukula tinatengera chikesi chawo chomwe, pule sitinasinthe. Ya dramu ija tinaitsuka ndi burashi ya waya, ili bwinobwino, ndawauza asaitaye chifukwa mng'ono wawo amasula makasu ku Lunzu.