Our World in Data pa nkhani za uchembere: webusaiti yabwino, bola muziwerenga tizilembo tapansi

Nkhani ya kubereka ikangofika pa Facebook aliyense amasanduka katswiri, wina akuti tachulukana dziko lidzadzaza, wina akuti azungu asiya kubereka atha posachedwa, wina akuti amayi masiku ano akufa kwambiri pobereka kuposa nthawi ya agogo athu, koma mufunseni nambala olo imodzi amangoti zii. Nde ndati ndikuuzeniko za webusaiti ina yomwe manambala amenewa alipo, imatchedwa Our World in Data. Anaiyambitsa ndi Max Roser cha m'ma 2011, ena mwa anthu ake ndi ofufuza a ku yunivesite ya Oxford, ndipo enanu munaiona osadziwa nthawi ya Covid chifukwa magalafu ambiri a katemera omwe ankazungulira aja ankachokera kumeneko. Ndi yaulele, sakufunsa akaunti, palibe zotsatsa malonda zodumphira pamaso.

Poyambira pabwino ndi pa mapu a fertility rate, kuti mayi mmodzi akubereka ana angati pa moyo wake tikatengera pakatikati. Pansi pa mapu pali kamzere ka zaka ndi kabatani ka play. Mukabweza mpaka 1950 n'kudina, dziko pafupifupi lonse limayamba lili lakuda bii, kupatula Ulaya ndi malo ochepa, kenaka mitundu imayamba kuwala pang'onopang'ono, Asia kuwala, Latin America kuwala, mpaka kumapeto mdima umatsalira chigawo chapakati cha Africa. Zimatenga masekondi ochepa koma mumamvetsa zambiri kuposa lipoti la masamba 200. Padziko lonse ana anali pafupifupi 5 pa mayi mmodzi m'ma 1960, pano ndi cha m'ma 2.3, ndipo kuti anthu asamachuluke kapena kuchepa pamafunika 2.1 basi.

Chomwe chinandisangalatsa ine ndi kuyika mayiko angapo pa galafu imodzi. Yikani South Korea, Iran, Bangladesh ndi Niger muone. South Korea mu 1960 inali pa ana 6, mu 2023 inafika 0.72, inde osakwana olo mwana mmodzi. Iran m'ma 1980 inali pamwamba pa 6 koma pofika cha m'ma 2000 yatsikira pafupi ndi 2, mzere wake umachita kugwa chamutu. Bangladesh inali pafupi ndi 7 cha m'ma 1970 pano ili cha m'ma 2. Niger yokha mzere wake udakali cha m'ma 6 ngakhale nawo wayamba kupendekeka. Nde amene amanena kuti anthu ena "chibadwa chawo" n'kubereka ana ambiri aone zimenezi kaye, maiko onsewa ankabereka chimodzimodzi zaka 60 zapitazo, chinasintha n'choti ana anasiya kufa kwambiri, atsikana anayamba kukhalitsa pasukulu, njira zolera zinafika pafupi. Africa ya kumwera kwa Sahara pano ili pa ana 4 ndi kakuti, ikutsika ndithu koma mwapang'onopang'ono poyerekeza ndi mmene Asia inatsikira. Langizo laling'ono, pa foni musamayike mayiko ambiri nthawi imodzi, atatu kapena anayi akwana, apo ayi mizere imapiringizana.

Gawo la imfa za ana ndi lomwe limakhudza mtima. A Our World in Data amaonetsa kuti kalekale, kaya ndi ku Ulaya kaya kuti, pafupifupi theka la ana onse ankamwalira asanakule. Mu 1990 ana osakwana zaka 5 omwe anamwalira padziko lonse anaposa 12 miliyoni, mu 2023 anali cha m'ma 4.8 miliyoni. Kutsika kwake n'kwakukulu zedi. Koma mukadina galafu ya ana akhanda, a masiku 28 oyambirira, mupeza kuti mzere wawo ukutsika mwaulesi, ndi pafupifupi 2.3 miliyoni pachaka kutanthauza kuti pafupifupi theka la imfa zonsezo. Zifukwa zake zikumveka, chikuku katemera amathana nacho, malungo maneti amachepetsa, kutsegula m'mimba pali ORS, koma mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wobanika pobadwa amafuna mzamba wodziwa ntchito pompo, magetsi, oxygen, zinthu zoti sungazigawe pa kampeni ya sabata imodzi.

Pa imfa za amayi ndi pomwe kusiyana kwa zigawo kumaoneka moipa. Mu 2023 amayi pafupifupi 260,000 anamwalira chifukwa cha mimba kapena kubereka, ndipo pafupifupi 70 peresenti mwa iwo anali a ku Africa ya kumwera kwa Sahara. Padziko lonse ndi imfa 197 pa ana 100,000 obadwa amoyo, pomwe cholinga cha UN n'choti pofika 2030 zikhale pansi pa 70, nde mukaona mzerewo mumangodziwa kuti sitifika. Nigeria ili pafupi ndi 1,000, maiko ena a ku Ulaya ali pansi pa 5. Zomwe zikupha amayi ndi zomwezomwe zija, kutaya magazi ambiri, BP yapamimba, matenda olowa pambuyo pochira, kuchotsa mimba mobisa. Apa pali galafu imodzi yoti musaiphonye, ya Sweden, chifukwa iwo anayamba kulemba imfa za amayi m'ma 1750. Mzere wawo umayambira cha m'ma 1,000 momwemo, pomwe Nigeria ili lero, n'kumatsika pamene azamba ophunzitsidwa ankachuluka komanso anthu atadziwa za ukhondo wa m'manja, kenaka cha m'ma 1930 ndi 1940 umagwa kwambiri atabwera mankhwala opha mabakiteriya ndi kuthira magazi. Kwa ine galafu imeneyi yokha ndi yokwana kuti webusaitiyi ndiipatse ulemu.

Tsopano pomwe ndikufuna kukhalitsa ndi apa. Magalafu awo ndi okongola kwambiri moti munthu umayamba kukhulupirira mzere uliwonse mofanana, pomwe mizereyo siyofanana ayi. Mzere wa Sweden ndi anthu owerengedwa mmodzimmodzi, aliyense ali ndi chiphaso cha imfa. Mzere wa dziko losauka kawirikawiri ndi chiyerekezo. M'maiko ambiri mwana amabadwa osalembedwa, mayi amamwalira kunyumba kapena panjira yopita kuchipatala n'kuikidwa mmanda popanda pepala lililonse. Nde manambala amawatenga kuti? Njira ina ndi kafukufuku wa nyumba ndi nyumba, monga wa DHS, wofunsa amakhala pansi ndi mayi n'kumufunsa kuti munabadwa angati, azichemwali anu alipo angati amoyo, amene anamwalirayo anali ndi zaka zingati, anali woyembekezera kapena anali atangochira kumene? Mayankho amenewo, ena oti munthu akukumbukira za zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zapitazo, amalowa mu kompyuta, akatswiri a WHO, UNICEF ndi anzawo amawasakaniza ndi zinthu zina monga chuma cha dziko ndi kuchuluka kwa amayi ochilira kuchipatala, n'kutuluka kamzere kosalala bwinobwino ngati chaka chilichonse panali wowerenga. Ganizani mtsikana amene anabisa mimba n'kumwalira nayo, mchemwali wake anena kuti chani? Sindikunena kuti manambalawo ndi abodza, ndi abwino kwambiri omwe alipo, koma kukangana kuti dziko ili lili pa 380 ndiye likuposa lija la 400 n'kutaya nthawi, kusiyana kumeneko kutha kukhala mphepo chabe.

Chilungamo chake, a Our World in Data sabisa zimenezi. Pansi pa galafu iliyonse amalemba komwe manambala achokera ndipo mukadina pamenepo amafotokoza mmene anawapezera. Vuto ndi ife othamangira screenshot. Anachitanso bwino pa nkhani ya America, komwe magalafu ankaonetsa ngati imfa za amayi zachuluka kuwirikiza kawiri kuyambira m'ma 2000. Saloni Dattani, mmodzi mwa olemba awo, anafotokoza mu 2024 kuti mbali yaikulu ya kukwerako inabwera chifukwa kuyambira 2003 zigawo za dzikolo zinayamba, chimodzichimodzi, kuyika kabokosi pa chiphaso cha imfa kofunsa ngati womwalirayo anali woyembekezera, nde imfa zomwe kale sizinkawerengedwa zinayamba kuwerengedwa, zina mpaka molakwika. Kabokosi kamodzi kusintha galafu ya dziko lonse lolemera, eti, nanga kuli bwanji komwe kulibe olo chiphasocho.

China chomwe muyenera kudziwa n'choti magalafu ambiri amalekezera pa dziko, sakulowa mkati kuti chigawo ichi ndi ichi. Pa nkhani ya uchembere apa ndi pomwe pamabisala zambiri, zili ngati kukuuzani kuti mtsinje uwu madzi ake amalekeza m'maondo osakuuzani kuti pakati pali dziwe. India yonse ili cha m'ma ana 2 pa mayi, koma Kerala ili pansi pa 2 pomwe Bihar ili cha m'ma 3. Ku Nigeria kumpoto ndi kumwera ndi ngati maiko awiri. Ku America komweko mayi wachikuda ali pa chiopsezo chomwalira pafupifupi katatu kuposa mzungu. Mapu opaka dziko lonse mtundu umodzi sangakuuzeni izi, mukafuna za chigawo kapena za kumudzi ndi m'tauni muyenera kupita ku malipoti a dzikolo. Samalaninso ndi mayina a zigawo, galafu ina imati Africa yonse, ina imati Sub-Saharan Africa malingana ndi mmene World Bank kapena UN imagawira, nde musamayerekeze manambala a magalafu awiri musanaone kuti akunena malo amodzi.

Zonse ndi za m'Chingerezi, koma magalafu ndi mapu munthu wa kusekondale atha kutsatira bwinobwino, zolemba zazitali zija ndi zomwe zimafuna kudekha.

Webusaitiyi ingathandize ndani? Ophunzira unamwino ndi uzamba, atolankhani, aphunzitsi, olemba ma proposal, ndi ife okonda kukangana. Mayi woyembekezera amene mutu ukumupweteka kwambiri, maso akuchita chidima kapena akutaya magazi asatsegule webusaiti ayi, athamangire kuchipatala, ndipo ndingatinso amene ali ndi mimba yoyamba asamakhalitse pa galafu za imfazi usiku, sizimuthandiza kanthu, mafunso ake akafunse azamba kusikelo. Ine ndikuipatsa 4 pa 5, imodzi yachoka chifukwa chosowa manambala a mkati mwa maiko.

Kwa amene mukufuna kugwiritsa ntchito pa asainimenti kapena nkhani, pali batani la Download, mutha kutenga chithunzi cha galafu kapena manambala onse pa fayilo yotsegula mu Excel, ndipo magalafu awo amalola kugwiritsa ntchito bola mwatchula komwe mwatenga. Koma muzilembanso tsiku lomwe mwatenga, chifukwa a UN akatulutsa lipoti latsopano amakonzanso ndi zaka za mmbuyo zomwe. Imfa za amayi za chaka cha 2020 lipoti la 2023 linati 287,000, la 2025 likuti 282,000, chaka chomwechomwecho, nde aphunzitsi anu akakatsegula patapita miyezi n'kupeza nambala ina asadzati mwapeka.