Repu kapena kabichi mvula ikamatha?

Mu Epulo ndi Meyi, mvula ikamalekeza ndipo kuzizira kukamayamba, mbewu ziwirizi zimakondwa m'dimba la pakhomo. Zonse zimayambira pa nazale.

Repu: mumayamba kuthyola patangotha mwezi ndi masiku ochepa mutawokera, n'kumathyolabe kwa miyezi ingapo.
Kabichi: mumadikira pafupifupi miyezi itatu, n'kudula mutu kamodzi basi.

Kabichi amadya zambiri: manyowa ochuluka, malo otakasuka, madzi osadukiza. Mbozi zikalowa m'mutu mwake, kuzichotsa n'kovuta. Repu amagwidwa nsabwe, koma mumaziona msanga kunsi kwa tsamba.

Pomwe kabichi amapambana ndi pa kusunga: amakhala masiku ambiri, pamene repu amafota tsiku lomwelo.

Pa ndiwo za tsiku ndi tsiku, ine ndimasankha repu. Kabichi ngwa amene ali ndi chitsime pafupi ndipo akufuna kukagulitsa kumsika.