Shopu ya nsomba za m'thanki yomwe inandibweza chimanjamanja tsiku loyamba

Ulendo woyamba ndinatuluka mu shopu imeneyi nditakwiya, ndalama zili m'thumba koma nsomba anakana kundigulitsa. Ndi kashopu kakang'ono cha ku Avondale kuno ku Harare, kamagulitsa nsomba zija zoweta m'nyumba mu thanki ya galasi, zakudya zake, mafyuluta osefa madzi, mahita otenthetsa madzi ndi tina n'tina. Ine ndinali nditagula thanki ya malita 200 kwa munthu wina yemwe amasamuka, Lachisanu ndathiramo madzi a pampopi, Loweruka m'mawa ndakwera kombi kuti ndikabwere ndi nsomba ana akaone. Mnyamata wogulitsa anayamba kundiyankhula Chishona, nde foni italira n'kumva ndikuyankha Chichewa anangoti aaa achimwene, kodi ndinu akwathu? Agogo ake akuti anachokera ku Malawi kalekale, iye anabadwira ku Mufakose, Chichewa chake n'chosakaniza koma tinamvana bwinobwino. Kenako funso, thanki mwathira liti madzi? Ndati dzulo. Akuti achimwene pitani kaye kunyumba, ndikakupatsani lero, pofika Lachitatu mukhala mukuzikwirira kuseli kwa nyumba.

Ndinaona ngati akundiderera, koma anafotokoza. Madzi a khonsolo aja ochokera ku Lake Chivero amadzera ku Morton Jaffray komwe amathiramo klorini, kwa ife anthu nzabwino koma nsomba imapsa mopumira mwake, komanso klorini yemweyo amapha tizilombo tabwino tofunika mu fyuluta. Nkhani ya tizilomboti ndi yomwe sindinkaidziwa n'komwe. Nsomba ikamadya imatulutsa amoniya, amoniya ndi poizoni, nde pali mabakiteriya omwe amamusandutsa nitrite, nayenso poizoni, kenako ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate yemwe ndi wofatsako ndipo umamuchepetsa posintha madzi. Mu thanki yatsopano mabakiteriyawa mulibe, kuti achuluke pamatenga masabata 4 mpaka 6. Anandigulitsa kabotolo kochotsa klorini, n'kutsegula fyuluta ya thanki yawo ina, kudula chidutswa cha siponji yakuda bii ndi kundiikira mu jumbo ya madzi, ulele, ati kaikeni mu fyuluta yanu musaitsuke ndipo isaume panjira. Madamu kunyumba ataona ndabwera ndi siponji yonyansa m'malo mwa nsomba anaseka mpaka kukhala pansi kkkk.

Ndinabwererako mu June nditatenga madzi anga mu kabotolo monga anandiuzira, anawayeza pomwepo osandilipiritsa, amoniya palibe nitrite palibe, nde anati tsopano tikambe za nsomba. Ine maso anga anali pa mbuna basi. Tangoganizani, nsomba za m'nyanja yathu yomwe, za m'miyala ya ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, ndikuzigula ndi madola aku America mu Harare. Dzina loti mbuna akuti ndi la Atonga a ku Nkhata Bay, koma ife Achewa mbuna timadziwa dzenje lija lokolera nyama, ndipo kunena zoona ndagweramo ndithu, ndalama zikupita. Nsomba zimenezi n'zomwe zinapangitsa kuti Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ilowe pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, azungu amaziwetera ku Germany ndi ku America uko pomwe ife kwathu timangodziwa chambo, usipa ndi utaka pa nsima. Za mu shopumu si zogwidwa kunyanja ayi, n'zoswetsa m'mathanki, mnyamatayo sanabise. Ndinatenga 6 zachikasu zija amati yellow lab, dzina lake lenileni Labidochromis caeruleus, chifukwa ati pa mbuna zonse izi ndi zofatsako, zina zija zamizeremizere ndi ndewu yokhayokha.

Kapakidwe kawo ndawapatsa ulemu. Jumbo ziwiri kuphatikiza, madzi pang'ono chabe mwina gawo limodzi mwa atatu, kwinako anapopera okosijeni n'kumanga ndi labala, kenako kukulunga nyuzi kuti mukhale mdima n'kuika mu katoni. Ati nsomba ikakhala mu mdima imadekha. Ndipo anandiletsa kudzera mu tawuni kukagula zina, ati kombi imodzi mpaka kunyumba, June wa Harare si wamasewera, tauni ino ili pamtunda pafupifupi mamita 1,500 ndipo madzi ochepa a mu jumbo amazizira msanga pomwe mbuna zimafuna madigiri 24 mpaka 28.

Tsono apa mpamene ndinaona kuti mnyamatayu ntchito yake amaidziwa, chifukwa anatenga bolopeni n'kulemba pa katoni pomwepo zoti ndikachite. Ndikafika ndizimitse getsi la thanki. Jumbo ndiiyandamitse pamwamba pa madzi osamasula kwa mphindi 15 kapena 20 kuti kutentha kufanane. Ndikamasula ndipinde kukamwa kwake kuti iziyandamabe, ndizithiramo kakapu kamodzi ka madzi a mu thanki pa mphindi 5 zilizonse mpaka madzi achuluke kawiri, zomwe ndi theka la ola basi. Ine ndinafunsa kuti zonsezi n'zachiyani poti madzi ndi madzi, ati ayi achimwene, madzi a shopu ndi anu amasiyana pH (muyezo wa asidi wa m'madzi) ndi michere yake, nsomba ukaiponya mwadzidzidzi thupi lake limadzidzimuka, imaoneka bwino lero koma mawa lake yapinda zipsepse yakhala pakona, kenako matenda. Nyanja ya Malawi madzi ake pH imakhala chakumtunda cha ku 8, anga anapezeka otsikirapo nde anandigulitsanso mchenga wa zigoba zoperapera woti uzikweza pang'onopang'ono.

Chomwe anatsindika kawiri mpaka kuchilemba ndi zilembo zazikulu n'choti madzi a mu jumbo asalowe mu thanki. Nsomba uziwola ndi kaukonde, madziwo kukataya panja. Munthu wogulitsa akukuuza yekha kuti madzi a shopu yake usawakhulupirire, pamenepo ndinamukonda. Anawonjezanso china chomwe sindinamvepo kwina, ati njira yothira pang'onopang'onoyi ndi ya nsomba zomwe zayenda ola limodzi kapena awiri. Zikakhala zagona m'jumbo usiku wonse ngati zochokera ku Johannesburg usachedwe nazo, chifukwa mpweya womwe zapuma umatsitsa pH ndipo amoniya amakhala ngati wagona, ukangomasula jumbo pH imakwera amoniya n'kudzuka kuyamba kuziwotcha momwemo. Zoterozo ukafananitsa kutentha umangoziwola n'kuika.

Ndinachita zonse ndendende, wotchi ili m'manja, ana akulira kuti adadi tsegulani getsi tione. Amayi anga omwe tikukhala nawo anangoima pakhomo kuyang'ana, kenako ati iwe, tinsomba tosakwana ndi ndiwo za mwana tomwe ukutilandira ngati akamwini? Tsiku limenelo sindinazipatse chakudya monga anandiuzira, zinabisala m'miyala madzulo onse moti ndinadzuka kawiri usiku ndi tochi kukawerenga. Mawa lake zonse 6 zinatuluka, zikudya. Mpaka lero palibe yomwe yafa.

Koma musaganize kuti zonse n'zokoma mu shopumu. Mitengo ndi yowawa, kansomba kotalika ngati chala kakulingana ndi nkhuku yathunthu, ndipo pa mathanki ambiri sanalembe dzina kapena mtengo, umachita kufunsa chimodzichimodzi ndipo mtengo umaoneka ngati ukutengera nsapato zomwe wavala. Chenji ndi nkhani ina, ukapereka madola amakuuza kuti tengani kapaketi ka chakudya m'malo mwake, ine ndili ndi mapaketi atatu omwe sindinawafune. Ulendo wachitatu mnyamata uja ndinamupeza kulibe, panali bambo wina yemwe amangofuna kugulitsa, ndinamumva akuuza mayi wina kuti goldfish ikhoza kukhala limodzi ndi mbuna, pomwe goldfish ndi ya madzi ozizira ndipo mbuna zingaithothole zipsepse zonse. Ineyo anafuna kundigulitsa chakudya cha nyongolotsi zofiira zija, chonsecho mnzake anandichenjeza kuti mbuna zambiri kunyanja zimadya ndere za pamiyala, ukazizoloweza zanyamanyama zimatupa mimba n'kufa, bola cha ndere chija amati spirulina. Tsiku lomwelo mu thanki ina ya kumapeto ndinaona nsomba ziwiri zili ndi timadontho toyera ngati mchere, matenda aja a white spot, ndipo kaukonde komwe amawolera mmenemo ndi komwenso amawolera mathanki ena. Nde ngati mwapita, yang'anani thanki yonse osati nsomba yokhayo mwaikonda, ndipo funsani mnyamata woyankhula Chichewa uja, akakhala kulibe bola kubwerera.

Chifukwa cha zimenezo ndagula kathanki kena kakang'ono kosungiramo zatsopano masabata atatu kapena anayi zisanalowe mwa zinzake. Ndipo pothira zatsopano mu thanki yaikulu anandiuza kuti ndiziyamba ndasuntha miyala yonse, chifukwa mbuna iliyonse imakhala ndi phanga lake, mlendo akabwera zimamuthamangitsa mpaka kumupha, koma ukasokoneza miyala zonse zimakhala alendo n'kuyamba kusaka malo pamodzi.

Vuto lomwe latsala ndi magetsi. Akazima hita imazima, fyuluta imaima, ine ndimafunditsa thanki bulangeti ngati wodwala ndipo Loweruka likubwerali ndikupitanso komweko kukatenga kapampu ka mpweya ka mabatire, ati afika nato. Ndikafunsenso za imodzi yachikasu yomwe yasiya kudya masiku anayi tsopano, kukhosi kwatupa ndipo ikungotafuna osameza kanthu. Ndinaopa kuti yadwala koma nditaunika ndi tochi ndinaona timazira m'kamwa, zimafungatira momwemo pafupifupi masabata atatu, nde sindikufuna zinzake zidzadye ana tsiku lomwe idzawalavule.