Sipika ya m'bwato pa Cahora Bassa itatha miyezi isanu ndi itatu

Sipika imene tikunena pano ndi ija yaing'ono ngati kabotolo, yolumikiza ku foni pa Bluetooth, yolowa memori khadi, yokhalanso ndi wailesi ya FM, ndipo pabokosi pake analembapo IPX7. Yakhala ikuimba m'bwato la asodzi a mbedza cha ku Chicoa, pa nyanja ya Cahora Bassa ku Mozambique, kuyambira Epulo mpaka Novembala. Ikuimbabe, koma yafooka, ndipo chaifooketsa si madzi ayi, koma dzuwa ndi kachibowo kotchajira.

IPX7 imatanthauza kuti chinthucho chikhoza kumira mita imodzi kwa mphindi 30 osawonongeka. Zimenezo n'zoona pokhapokha kachivindikiro ka labala ka pa kachibowo kotchajira kali kotseka bwino. Kutsegulatsegula tsiku ndi tsiku kumakachititsa kukhwepa, ndipo pofika mwezi wachisanu kanali katasiya kugwira. Chinyezi chikalowa, inu n'kulumikiza tchaja pomwepo, timawaya ta m'kachibowomo timachita dzimbiri lobiriwira. Poyamba imatchaja mukagwedeza chingwe, kenako imakaniratu. Musaitchaje isanaume: igwedezeni kachibowo kataloza pansi, ikhale pamthunzi maola angapo. IPX7 sikutanthauzanso kuti imayandama. Yathuyi imamira ngati mwala, choncho imangirireni ku botolo lopanda kanthu la malita awiri lotseka bwino.

Batire ndiye yavutika kwambiri. Ili yatsopano inkafika m'bandakucha ikamaimba chapansipansi, pano imazima pakati pa usiku. Batire za lithium sizifuna kutchajidwa zikatentha kupitirira madigiri 45, pomwe m'chigwa cha Zambezi mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa 40 ngakhale pamthunzi. Ndiye taganizani sipika yakuda itagona pambali pa sola masana onse, chingwe chake chachifupi ngati chala. Pezani chingwe cha mita imodzi kapena iwiri kuti sola ikhale padzuwa, sipika ili pansi pa thabwa. Mukaona kuti yatupa kapena ikutentha yokha isakutchajidwa, basi, isalowenso m'bwato.

Funso limene asodzi amakangana padoko ndi lakuti kodi nyimbo zimathamangitsa nsomba? Yankho lili pa malo amene mwaika sipikayo. Phokoso lochokera mumpweya likafika pamwamba pa madzi, lambiri limabwerera m'mwamba, lolowa pansi ndi lochepa. Koma mukaikhazika pansi pa bwato, kugunda kwake kumalowa m'thabwa kapena m'chitsulo n'kupitirira m'madzi, ndipo m'madzimo phokoso limathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, pomwe mumpweya ndi 340 basi. Nsomba ili ndi mzere wa m'nthiti umene imamvera kunjenjemera kwa madzi. Yesani chonchi: nyimbo ikuimba, gwirani m'mbali mwa bwato ndi chikhatho. Ngati mukumva kunjenjemera, pende amene mukumudikira m'madzi osayawo akumvanso. Ipachikeni ndi chingwe pamtengo, kapena muikhazike pa mapatapata awiri akale osanjikiza, muyesenso ndi chikhatho. Boti lachitsulo limatumiza kugundako kuposa bwato losema. Asodzi a kapenta asadandaule kwambiri, jenereta ya magetsi awo imachita kale phokoso loposa sipika.

Bluetooth imafika mamita ngati 10, zokwanira m'bwato, koma imadya batire ya foni, pomwe foniyo ndi imene mudzaimbire anzanu injini ikafa. Memori khadi ya 8 GB imanyamula nyimbo pafupifupi 2,000 za 4 MB iliyonse, ndipo foni imatsala m'kapulasitiki kake itazimitsa. FM imagwira pamalo otseguka, koma mukayandikira mapiri a ku Songo imangosokosera.

Mawu akayamba kumveka ngati munthu wa chimfine, musathamangire kunena kuti yafa. Kawirikawiri ndi mamba ndi mamina a nsomba zimene zauma m'timabowo ta kutsogolo. Tsekani kachivindikiro, itsukeni ndi madzi oyera ndi mswachi wakale, osagwiritsa ntchito singano chifukwa imaboola kansalu ka m'kati.

Usiku muichepetse mpaka muzimvana ndi mnzanu wa kumchira popanda kukuwa. Mvuu nthawi zambiri imayamba yafwenthera kapena kulira isanaoneke, injini ya boti lopanda nyali imamveka lisanafike, ndipo mwera wa mu Juni ndi Julayi umamveka pamafunde usanakupezeni. Ma hedifoni m'makutu onse awiri ndiye ayi ndithu.

Yoti n'kugulanso? Inde, koma isakhale yakuda, kachivindikiro kake kakhale kokhuthala kolowa mokakamiza, ndipo wogulitsayo ayambe waiponya m'ndowa ya madzi inu mukuona musanatulutse ma meticais anu.