Ahedi okhala mu ofesi ndi ahedi oyendera makalasi

Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022, makalasi ku Kanyama ndi ku Chawama mu Lusaka ndi odzaza, ndipo kholo posankha sukulu liyenera kuyang'ananso ahedi. Ena amayendetsa sukulu ali pa desiki: malipoti a kwa DEBS (mkulu woyang'anira maphunziro m'boma), marejisitala, makiyi. Ena amakakhala kumbuyo kwa kalasi n'kumamvetsera phunziro.

Mtengo: mwa ahedi awiriwa palibe amene amafuna ngwee yowonjezera. Woyendera makalasi amalipira ndi nthawi, mwina mapiriyodi awiri patsiku, mapepala n'kumamudikira mpaka madzulo.

Zotsatira: wa mu ofesi amadzadziwa kuti ana a Giredi 7 satha kugawa manambala zotsatira za mayeso a bungwe la mayeso la ECZ zitatuluka, madzi atafika kale m'khosi. Mnzakeyo amatsegula makope, n'kupeza ntchito ya milungu itatu yosachongedwa, n'kukhala pansi ndi mphunzitsiyo tsiku lomwelo. Komatu akamalowa ngati wapolisi, aphunzitsi amangochita zachiphamaso. Akangotuluka, zonse zimabwerera mwakale.

Sukulu yosowa madesiki ndi zimbudzi imapindula ndi ahedi a mu ofesi odziwa kulondola mapepala ku boma. Koma ngati mwana wanu wa Giredi 3 akudodomabe powerenga, funsani aphunzitsi ake kuti ahedi analowa liti m'kalasimo.