Bogi yotseka yonyamula mchenga wa sitima: mmene ndaionera pantchito

Ntchito yanga pa depoti ndi kuonetsetsa kuti mutu uliwonse wa sitima ukamatuluka, mabokosi ake a mchenga akhale odzaza. Ndiye bogi yotseka pamwamba imene imatibweretsera mchenga masiku ano ndimaidziwa bwino, ndipo ndikuiyamikira.

Chachikulu n'choti mchenga ukufika wouma. Gudumu lachitsulo limagunda njanji pamalo aang'ono ngati kakhobidi. Pakagwa mvula, mame, mafuta kapena masamba ofinyika, magudumu amangozungulira pamodzimodzi pokwera mtunda, ndipo pomanga mabuleki sitima imatsetsereka. Woyendetsa akafuna mchenga, mpweya umauuzira kudzera m'timapaipi, n'kugwera panjanji kutsogolo kwenikweni kwa magudumu kuti agwire njanji osaterereka. Mchengawo ukangolowa chinyezi umaundana, kapaipi n'kutsekeka, ndipo iye amazindikira zimenezi ali kale pamtunda ndi katundu wolemera kumbuyo.

Kale mchenga unkabwera m'mabogi otsegula, wofundidwa ndi lona. Lona ankang'ambika, madzi n'kulowa, ife n'kuyambanso kuumitsa ndi kusefa mchenga umene unachoka kwa ogulitsa uli bwinobwino. Kutsitsa kwake kunali kwa fosholo, msana kuchita kuwawa.

Bogi iyi pansi pake m'posongoka, moti mchenga umatsika wokha. Timalumikiza paipi, kompulesa (makina opopa mpweya) n'kukankhira mchengawo m'thanki yam'mwamba imene mitu ya sitima imamwerapo. Anthu awiri akukwanitsa. Chimene chandikhudza kwambiri ndi fumbi. Mchenga wa ntchito imeneyi ndi wa silika, wolimba, wopanda dongo, ndipo fumbi lake likamalowa m'mapapo kwa zaka limayambitsa matenda osachiritsika otchedwa silicosis. Tsopano fumbi lambiri likutsalira m'mapaipi. Komabe chophimba mphuno sitivula, ndipo anyamata atsopano ndimawakalipira akachisiya.

Chenjezo kwa odzaza: mchenga wouma umalemera pafupifupi matani 1.6 pa kiyubiki mita imodzi. Bogi imafika pa mlingo wake wa kulemera mkati mukuoneka kuti malo akadalipo. Musamadzaze poyang'ana ndi maso.

Zodandaula zilipo. Mchenga umadya chitsulo, makamaka m'makona a mapaipi, ndipo pakona pamodzi pabooka kale. Zimenezo ndikuzimvetsa, mchenga ndi mchenga. Chimene sindikuchimvetsa ndi malabala a zivundikiro zapamwamba. Ndi opyapyala, amauma ndi dzuwa n'kusweka, ndipo madontho ochepa chabe amakwanira kuumbitsa chibuma pakamwa potulukira. Zikatero munthu amagogoda m'mbali mwa bogi ndi nyundo mpaka chibumacho chigumuke, ntchito n'kuima. Amene mukuganiza zogula bogi yotereyi, uzani opanga aike malabala okhuthala, ndipo ena apadera abwere nawo limodzi tsiku lomwelo.