Logo: Photoshop kapena CorelDRAW?

Ophunzira anga kuno ku Lilongwe amathamangira pulogalamu ya pakompyuta ya Photoshop akafuna kupanga logo. Ndimawamvetsa, pokonza zithunzi imathandizadi. Koma imagwiritsa ntchito timadontho, ma pixel. Logo yooneka bwino pafoni ukaikulitsa kuti ikwane pachikwangwani cha golosale ku Area 25, m'mphepete mwake mumatuluka mano ngati a sowo.

Mapulogalamu a CorelDRAW ndi Illustrator amajambula ndi mizere ya vector, yomwe kompyuta imaiwerengera ndi masamu osati ndi timadontho. Logo imodzimodziyo imakwana pachidindo ngakhalenso pa billboard, osasweka. Pen tool, chida chojambulira mizereyi, imavuta masiku oyamba, ena mpaka kugwa ulesi, komabe ine ndimawayambitsira pomwepo. Tisanapite kosindikiza ku Old Town timasintha mitundu kuchoka ku RGB (mitundu ya pa sikirini) kupita ku CMYK (mitundu ya inki yosindikizira), zilembo n'kuzisandutsa ma curves (mizere yojambulidwa, kuti zilembozo zisasinthe kosindikizako), kenako n'kusiya bleed ya 3mm (malo owonjezera m'mphepete omwe amachotsedwa podula pepala).